Tsiku Limene Ndinathawa Leza

Bwera nako kuno kanthuko, Lonjezo. Ayi, usakabise m'thumba, ndakuona kale. Diso ndili nalo limodzi, koma limagwira ntchito ya awiri. Ika patebulopa, kaloze kukhoma. Iwe Takondwa, leka kulira, sendera kuno. Ukuona chala changachi? Nanga ichi? Basi, unaphethira msanga, wachita mwayi.

Ndiye katochi kobiriwiraka wagula kwa mavenda a ku Limbe, n'kumakawalitsira mlongo wako kumaso? Akuti dzina lake ndi leza, eti? Inu ana a masiku ano mumaseweretsa zinthu zimene ife akuluakulu timatuluka nazo thukuta. Khalani pansi nonse, mafoniwo muike uko. Lero ndikuuzani za tsiku limene ine agogo anu, munthu wa imvi, mkulu wa mpingo, ndinathawa m'chipatala chifukwa cha leza, ndipo ndinatsala pang'ono kufera pamsewu.

Musaseke msanga. Mantha aliwonse ali ndi kwawo.

Anga anayambira m'chipinda cha mdima. Ndili mnyamata ndinalembedwa ntchito yotsuka zithunzi pa situdiyo ya mmwenye wina ku Limbe. Inu simudziwa n'komwe kuti chithunzi chinkatsukidwa. Mumangotosa foni mutatulutsa milomo ngati bakha, chithunzi chatuluka. Chikakunyansani mwafufuta, mwajambulanso. Ife tinali ndi filimu. Inkakhala yokulungidwa m'kachitini, ndipo mdani wake wamkulu anali kuwala. Lamulo loyamba limene ndinaphunzira linali lakuti kuwala kochepa kumalemba chithunzi, kuwala kochuluka kumachipha. Pakhomo pa chipindacho pankayaka kababu kofiira kochenjeza anthu. Munthu akangotsekula chitseko iwe uli mkati motulutsa filimu, ukwati wonse wa eni ake wapita: mkwati, mkwatibwi, ankhoswe, keke, onse asanduka bii. Ndiye upite ukawauze anthu kuti akwatiranenso.

Kenako ndinapatsidwa kamera. Ha, masiku amenewo! Loweruka m'mawa ndinkakwera basi ya nsanjika ija inkayenda pakati pa Limbe ndi Blantyre, pamwamba penipeni, kutsogolo, kamera ili pakhosi ngati ndine nduna. Ndikatsika ndinkayamba ndalowa mu tiyirumu, kapu ya tiyi wamkaka ndi sikono yaikulu ngati chibakera, osati timasikono tanu ta lero todzaza mpweya. Anthu ankabwera kudzajambulitsa atabwereka jekete, wina atanyamula wailesi, wina atagwira telefoni yosalumikizidwa kulikonse, kuti abale kumudzi aone kuti m'tauni zikuyenda. Agogo anu aakazi ndinawaonera m'kamera momwemo. Anabwera kudzajambulitsa cha pachiphaso, atauma gwa ngati akuyembekeza jakisoni. Chithunzi chawocho ndinachitsuka kawiri, china n'kusunga m'thumba la malaya. Iwe Takondwa, zimenezi usakawauze.

M'maholo mopanda kuwala tinkagwiritsa ntchito fulashi. Osati kanyali kali kuseri kwa foni yanuko. Anali mababu agalasi, aakulu ngati dzira la nkhanga, mkati muli tiwaya topyapyala ngati tsitsi. Babu limodzi, chithunzi chimodzi. Likayaka limapserera, ulichotse likadali lotentha, uike lina. Tsiku lina paukwati m'holo ya tchalitchi china ku Limbe, akwati akudikira kudula keke, ndinaweramira pafupi kuti ndikankhire babu latsopano m'malo mwake. Linayaka lokha m'dzanja langa n'kuphulika. Chimene ndinaona ndi kuyera, kuyera kopanda malire, ndipo mkati mwa kuyerako munali ululu ngati wina wandikhoma msomali. Ndinamva azimayi akukuwa. Nditachotsa dzanja kumaso linali lofiira. Diso lamanzereli linathera pomwepo. Nthawi imeneyo azakhali anu a Tiyamike anali kumsana.

Ntchito sindinasiye, nanga ana akanadya chiyani? Koma kuyambira tsiku limenelo, fulashi iliyonse imene ndinawalitsa, ndinkayamba ndatembenuzira nkhope kumbali. Mvula ya ziphaliwali ikamabwera ndinkatseka makatani. Ndikaona anthu akuwotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu ndinkaolokera tsidya lina. Diso lotsalali ndinkaliyendetsa ngati munthu wanyamula dzira m'khamu la anthu.

Zaka zinapita. Mafilimu anatha, mafoni anatilanda ntchito, tinamanga kanyumba kano ku Naperi, ndinakalamba. Kenako diso langa limodzilo linachita ng'ala. Anandichita opaleshoni, anachotsa lenzi yanga yobadwa nayo imene inali itachita mbuu, n'kuikamo ya pulasitiki. Mudabwa kumva kuti mpeni sindinauope kwenikweni. Pamene ankandigoneka pabedi paja n'kuti ndisakuona kale kanthu, panalibe choti nditaye. Ndinachira, ndinaonanso, ndinayambanso kuwerenga mawu pamaso pa mpingo.

Koma patapita zaka zingapo chiperoni chinalowa m'diso. Mukudziwa mmene Soche amasowera m'miyezi yozizira, phiri lonse kungomira m'chifunga? Ndi mmene nkhope za anthu zinayambira kusowa. Dzuwa likawala kwambiri, kapena galimoto ikandiunika, zonse zinkangoti mbee. Ndinabisa kwa kanthawi, mpaka tsiku lina ndinapereka moni kwa diresi la agogo anu lili pachingwe, eni ake ataima kumbuyo kwanga.

Kuchipatala cha maso tinapeza adokotala achitsikana, aulemu wawo. Atandiunika anati, "Agogo, lenzi tinaika ija ili bwinobwino. Koma imakhala m'kathumba kopyapyala, ndiye kathumbako kachita chifunga kumbuyo kwake. Tingoboola kazenera pakati kuti kuwala kuzidutsa."

"Mundiboola ndi chiyani?"

"Ndi leza. Palibe mpeni, palibe magazi. Ndi kuwala chabe."

Kuwala chabe! Mwana uja ankaganiza kuti akunditonthoza. Ndiye dzinalonso. Amayi anga, amene anachoka ku Mozambiki ali kamtsikana n'kudzaphunzirira Chinyanja kuno, mphenzi ikang'anima ankatikokera m'nyumba n'kunong'ona kuti, "Leza wakalipa." Kwa ife Leza anali mwini mphenzi, n'chifukwa chake uta wa mitundumitundu uja mumautchula kuti utawaleza. Ndikudziwa kuti leza wa adokotala ndi liwu lachingerezi, sizikhudzana. Koma m'makutu mwanga munamveka kuti: tiika mphenzi m'diso lako lomaliza.

Tsiku limene anatipatsa litafika, tinapita ndi agogo anu. Anesi anandidontheza mankhwala okulitsa kamwana ka m'diso, n'kutikhazika pabenchi pafupi ndi chitseko. Agogo anu anaona mnzawo wa kumvano pamzere wina, anapita kukamupatsa moni, ndipo mukudziwa kutalika kwa moni wa agogo anu. Ndinatsala ndekha. M'chipindamo munkamveka kaphokoso: tha! tha! tha! Kakang'ono, kouma, ngati munthu akuthyola timitengo ta machesi. Ine kaphokoso kameneko ndinkakadziwa. Ndi mmene galasi la babu limalirira likamang'aluka. Chitseko chinatseguka, panatuluka bambo wina atagwira kumaso, mkazi wake akumutsogolera. Mwina ankangopukuta misozi ya mankhwala, sindikudziwa. Ndinamva anesi akuitana dzina langa. Miyendo inanyamuka yokha. Sinalowere kuchitseko, inalowera kugeti.

Panja ndi pamene ndinadziwa chimene mankhwala aja anachita. Diso linali lotseguka ngati khomo lopanda chitseko, dzuwa la m'chilimwe likungokhuthukiramo. Sindinkaona msewu, ndinkangoona kuyera. Ndinatsata mawu a oitanira, "Tauni! Tauni! Wamsangamsanga!" wina n'kundikankhira mu minibasi. Maganizo anga anali akuti ndikatsika m'tauni ndiyenda pang'ono kukakwera za kuno, njira imene ndayenda moyo wanga wonse.

Nditatsika pafupi ndi msika ndinafuna kuoloka. Ndinamvetsera, ndinayesa kuti kwadukiza, ndinalowa mumsewu. Ndili pakati, mahutala analira mbali zonse. Ndinaima. Kutsogolo kuyera, kumbuyo kuyera, magalimoto ndikungowamva mphepo yake ikundikupiza malaya. Njinga yamoto ya kabaza inandigunda pachigongono, chipewa chinagwa. Wina anakuwa, "Madala, mufa inu! Mwaledzera m'mawa uno?" Ndinafuna kuyenda, koma miyendo ija inathawa bwino kuchipatala tsopano inakana. Ndinayamba kupemphera mokweza, pakati pa msewu, mumzinda umene ndinaujambula ngodya iliyonse.

Dzanja lina linandigwira pamkono mwamphamvu, lonunkhira nthochi. Anali mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu. Anandikoka ngati mbuzi mpaka pakhonde la sitolo, n'kundikhazika pa kireti yake.

"Adadi, simuona?"

"Sindiona, mayi."

"Nanga akusiyani bwanji nokha? Ana mulibe?"

Funso limenelo linandilasa. Ndikanamuuza bwanji kuti amene wandisiya ndekha ndine mwini? Foni inali ikulira m'thumba mwanga nthawi yonseyi. Anaitulutsa ndi mayiyo, n'kulongosolera agogo anu pamene tinali. Agogo anuwo anafika pa kabaza, munthu amene analumbira kuti sadzakwerapo njinga yamoto. Sanandikalipire. Anangokhala pansi pa simenti pambali panga, ndi chitenje chawo chatsopano, n'kuyamba kulira.

"Bambo a Tiya, ndafunsa alonda, ndasuzumira mpaka m'zimbudzi za amuna. Mukufuna kundisiya wamasiye chifukwa cha kanthu ka mphindi zochepa?"

Kukalipa kukanakhala bwino.

Nkhope ya mayi wa nthochi uja sindiidziwa mpaka lero. Ndikadutsa pamalopo ndimangogula nthochi kwa aliyense amene ndamupeza.

Masabata otsatira anali oipa kuposa onse m'moyo wanga. Pamsewu ndinasiya kutuluka. Kutchalitchi ndinapempha kuti mawu aziwerenga ena. Alendo obwera kudzandiona ankabwera ndi nkhani zawo: wina akuti leza amaphika ubongo, wina akuti msuweni wa mnzake anangomva tha, basi mdima mpaka kumanda. Ukawafunsa dzina la msuweniyo, palibe akulidziwa, koma nkhani yalowa kale m'mutu. Ndinayamba kudziphunzitsa khungu. Agogo anu akapita kumsika, ndinkatseka diso n'kumayenda m'nyumbamo, ndikupapasa khoma, kuphunzira pamene pali kabati, pamene simenti inatumphuka, pamene pali chitseko cha kubafa. Ndinkati mdima ukadzafika usadzandipeze ndili mlendo m'nyumba yanga. Tsiku lina anandipeza ndikuchita zimenezo. Anatuluka panja n'kuimbira foni mwana wathu ku Ulaya.

Tsopano azakhali anu a Tiyamike. Inu mumangowadziwa ngati azakhali obweretsa chokoleti. Kwa inu ndi azakhali, kwa ine ndi Tiya, ndiye ndizimutchula choncho. Ntchito yake mukuidziwa? Nanenso sindinkaidziwa bwino. Ndinkangouza anthu kuti mwana wanga ndi dokotala wa sayansi, osati wa odwala, ali pa yunivesite kunja. Atamva zimene zinkachitika kuno anafulumizitsa tchuthi chake, n'kufika mvula yoyamba itangogwa.

Tinakhala pakhonde pompano masana, agogo anu akusankha mpunga pa lichero.

"Adadi," anatero Tiya, "mukudziwa kuti chimene munathawacho ndi chimene ine ndimagwira nacho ntchito tsiku lililonse?"

"Iwe umasewera ndi leza?"

"Sindisewera naye, ndimamuopa. Tikamalowa m'chipinda chake timavala magalasi apadera. Timavula mawotchi ndi mphete kuti kuwala kusanjanjepo n'kutilowa m'maso. Pakhomo pamayaka nyali yofiira kuti munthu asalowe mwachisawawa."

Nyali yofiira pakhomo! Zaka zonsezi ndinali ndisakudziwa kuti mwana wanga amagwira ntchito m'chipinda chonga cha bambo wake.

"Ndiye ngati iwe wophunzira umamuopa, ukufuna ine ndikamupatse diso?"

"Ndikufuna mudziwe chimene amachita. Mukadziwa, musankha nokha."

Anayamba ndi zimene inu mumaphunzira kusukulu, zimene ife sitinazimve. Akuti chinthu chilichonse, tebulo ili, madzi, diso, chinapangidwa ndi tizinthu tosaoneka totchedwa maatomu. Atomu iliyonse ili ndi phata pakati, ndipo mozungulira phatalo muli tina tating'ono kwambiri, maelekitironi, tosachoka paphatapo ngati anapiye pa make. Kuwala wamba, kwa dzuwa kapena kwa nyali, kukagwera pa chinthu kumachitenthetsa pang'onopang'ono. Koma ukatenga kuwala kochuluka, n'kukupanikiza kuti kufike konse nthawi imodzi pa kamalo kochepa kuposa nsonga ya singano, kumakwatula maelekitironi aja n'kuwachotsa pa atomu.

"Ngati kabawi," ndinatero ine.

"Ngati kabawi, adadi. Wakwatula mwanapiye make asanatembenuke n'komwe."

Akuti pa kamalo pamene maelekitironi achotsedwapo pamabuka kamoto kothetheka, n'kuphulika pang'ono, ndipo kuphulikako ndi kumene kumang'amba kathumba kaja. Kaphokoso ndinamva kuchipatala kaja ndi kameneko.

"Tiya, chimene ukunenacho ndi mphenzi."

Ndinkayembekeza kuti akana. Koma anati, "Inde. Ndi kamphenzi. Sindikunamizani."

Agogo anu anaika lichero pansi mwamphamvu mpaka mpunga kudumpha. "Iwe! Takuitanira kuti uwalimbitse mtima bambo akowa, ukuwaopsezanso?"

Koma Tiya anandigwira dzanja.

"Adadi, munkatiuza kuti bambo anu ankatola khala la moto ndi zala n'kuika pa kaliwo wawo wa fodya osapsa. Ankatha bwanji?"

"Ankachita msanga."

"Basi. Kutentha kumafuna nthawi kuti kulowe m'thupi. Leza wa adokotala amayaka n'kuzima mofulumira kwambiri moti kutentha sikupeza mpata wofalikira. Amagwira pamene alozapo pokha. Kutsogolo kwa diso kuwalako kumangodutsa chifukwa kumakhala kusanasonkhane. Inu mukudziwa mmene lenzi imasonkhanitsira dzuwa pa kadontho kamodzi. Ndipo babu lija, chimene chinakupherani diso si kuwala kwake. Anali magalasi."

Palibe munthu anali atandiuzapo zimenezo.

"Mofulumira bwanji?" ndinafunsa.

"Kuwala kumathamanga moti pa sekondi imodzi kumatsala pang'ono kufika kumwezi. Leza wa adokotala amayaka n'kuzima kuwalako kutangoyenda kuchoka pamene mwakhalapo kufika pachitseko apo. Wathu wa kuntchito amayaka n'kuzima kusanadutse ngakhale kunenepa kwa tsitsi limodzi."

"Nanga wofulumira chonchoyo ngwachiyani?"

Anaseka. "Ngojambulira, adadi. Munkatani mukafuna kujambula njinga ikuthamanga, chithunzi osatuluka mbuu?"

"Pankafunika kuti kamera itsekule n'kutseka msangamsanga."

"Elekitironi imathamanga kuposa chilichonse munajambulapo. Ife timaikwatula ndi kuwala, n'kuyeza kumene yalowera ndi liwiro lake, kuti tidziwe mmene inkakhalira mkati mwa atomu. Ntchito yanu yomwe ija. Fulashi yathu yangofupika."

Kunena zoona ndinanyadira. Koma kunyada sikuchotsa mantha, kumangokhala nawo pambali. Ndinafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Sizingalakwike?"

"Zingathe. Si kawirikawiri, koma zingathe. Diso likhoza kutupa. Mphamvu ya madzi a m'diso ikhoza kukwera, n'chifukwa chake amakuyezaninso akatha. Mwa apo ndi apo, kansalu ka kumbuyo kwa diso, kamene kamalandira chithunzi, kamatha kumatuka."

"Filimu yake."

"Filimu yake. Koma mukapanda kupita, chifungacho sichibwerera m'mbuyo. Chimenecho ndiye chosakayikitsa."

Ndinaganiza za msewu uja, za mphepo ya magalimoto pamalaya anga. Ndinaona kuti mbali zonse ziwiri kuli chilombo, kungoti china chikubwera mothamanga, china chikuyenda pang'onopang'ono koma sichisochera. Ndinati, "Ukandiperekeze iweyo. Ndipo amayi akowa asakaonenso mnzawo wa kumvano."

Tinabwerera kuchipatala. Adokotala aja sanandichititse manyazi. Anangoti, "Agogo, mwabwera? Lero ndiye mukhala oyamba, musapeze nthawi yoganiza." Anandidontheza mankhwala, anandikhazika kutsogolo kwa makina ooneka ngati kamera yaikulu ya m'situdiyo, chibwano pa kachitsulo, chipumi pa lamba. Moyo wanga wonse ndinkauza anthu kuti, "Musagwedezeke, yang'anani kuno." Tsopano wouzidwa ndinali ine. Adokotala anamulola Tiya kuima kumbuyo kwanga, atandigwira mutu kuti ndisabwerere m'mbuyo.

Ndinaona kadontho kofiira kakuvina m'chifunga. Ndinayamba salimo mumtima, mawu onse anabalalika, ndinangotsala ndi "Ambuye, Ambuye."

Tha!

Ndinadikira ululu. Ndinaudikira ngati mmene umadikirira bingu ukaona mphenzi. Sunabwere.

Tha! Tha!

Phokoso lililonse linkamveka mkati mwa mutu, osati m'khutu, ndipo lililonse ndinkati ili ndiye lomaliza, tsopano kuda. Pamenepo ndinazindikira kuti chimene chikugwedezeka si mutu wanga wokha. Manja a Tiya, amene anaikidwa kuti andilimbitse, ankanjenjemera.

Ana inu, palibe chinandiopsa tsiku limenelo kuposa chimenecho. Ndinati uyu amadziwa zonse za kuwalaku. Ngati akunjenjemera, pali chimene sanandiuze. Ndinafuna kudzuka. Adokotala anati, "Musasunthe, agogo, ndili pakati penipeni." Ndinagwira zitsulo za tebulo mpaka zala kuchita dzanzi. Tha! Tha!

"Tatha."

Nthawi yake sinakwane ngakhale yowiritsira madzi a tiyi. Ndinachotsa mutu, ndinayang'ana. Zonse zinali mbuu, ndipo mkati mwa mbuumo munkayandama tizinthu takuda ngati tizidutswa ta pepala lopsa. Ndinati, "Ndapsa." Adokotala anati ayi, ndi mankhwala aja, ndipo takudato ndi tinyenyeswa ta kathumba, tidzakhazikika tokha. Anandiyezanso, anandipatsa mankhwala odontheza, tinabwerera kunyumba nditavala magalasi akuda. Tsiku lonselo diso sindinafune kulitsekula. Ndinkati malinga ngati sindinayang'ane, sindinachite khungu.

M'mawa mwake ndinadzuka nditaliphimba ndi dzanja. Ndinapapasa khoma, njira ija ndinaiphunzira, mpaka pakhonde pano. Ndinamva Tiya akubwera ndi tiyi, anakhala pamene wakhala Takondwapo.

"Adadi, tsekulani."

"Ndikuopa."

"Nanenso ndikuopa. Tsekulani."

Ndinachotsa dzanja. Choyamba ndinaona nthunzi ikukwera kuchoka m'kapu. Kenako timaluwa tapakapupo, tsamba lililonse palokha. Kenako nkhope ya mwana wanga, yooneka bwinobwino ngati chithunzi chotsukidwa ndi mankhwala atsopano. Maso ake anali otupa. Ndipo pamwamba pa khutu panali imvi. Munthu amene m'mutu mwanga anali akadali mtsikana wa yunifolomu ya sekondale, anali mayi wa imvi.

"Dzulo unkanjenjemera," ndinatero. "Unandibisira chiyani?"

"Palibe chimene ndinabisa. Zonse ndinakuuzani ndi zoona." Anayang'ana pansi. "Koma kuntchito ndikalakwitsa ndimangotaya tsiku, mawa ndibweretsa maatomu ena. Dzulo anali maatomu a diso la bambo anga, ndipo amene anakukopani kuti mupite ndine. Likanazima, ndikanakhala nanu bwanji pakhonde pano?"

Ndinangotambasula dzanja n'kugwira timvi tija.

"Izi zayamba liti?"

Anandiyang'ana, anagwira pamene ndinagwirapo, kenako anayamba kuseka misozi ikutsika. Anakuwira kukhitchini, "Amama! Bwerani! Akuona! Ayamba kale kundinena!"

Agogo anu anatulukira akuthamanga, patapata mmodzi kuphazi, wina anatsala m'njira. Atafika pachitseko apo anaima, anaona diso langa lili pa iwo, n'kudziphimba kumutu ndi manja onse awiri.

"Ine musandiyang'ane kaye, bambo a Tiya. Sindinapese."